Musalisiye buku la Pickwick musanafike pa mutu 10

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake The Pickwick Papers ya Charles Dickens ikuoneka yopanda mutu weniweni, azibambo anayi kumangoyenda pa ngolo kuchoka kuno kupita uko, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'koyenera kupitiriza. Pitirizani ndithu. Kubalalika mukukuonako kunachokera m'mene bukuli linabadwira.

Silinalembedwe lonse nthawi imodzi. Linkatuluka mwezi ndi mwezi m'timabuku ta chikuto chobiriwira, kamodzi pa mtengo wa shilingi imodzi, kuyambira kumapeto kwa Malichi 1836 mpaka chakumapeto kwa 1837. Ganizo loyamba silinali la Dickens. Wojambula zithunzi Robert Seymour anapita kwa osindikiza Chapman and Hall ndi zithunzi zoseketsa za anthu a mu London odzitama kuti ndi alenje pomwe mfuti sadziwa kugwira. Ankangofuna munthu wolemba mawu operekeza zithunzizo. Anapeza Dickens, mtolankhani wa zaka 24 amene ankalemba pa dzina la Boz, koma mnyamatayo anaumirira kuti zithunzi ndizo zizitsata nkhani. Bambo Winkle, mmodzi wa azibambo anayi aja, onamizira kudziwa mfuti ndi akavalo, ndi otsalira a ganizo la Seymour.

Mu Epulo 1836 Seymour anadzipha, kabuku kachiwiri kasanatuluke. Robert Buss anajambula kachitatu koma sanakhutiritse osindikiza. Kenako ntchito inapita kwa Hablot Knight Browne, wodziwika kuti Phiz, amene anagwira ntchito ndi Dickens zaka zoposa 20. Masamba a nkhani anawonjezedwa kuchoka pa 24 kufika pa 32, zithunzi n'kuchepetsedwa kuchoka pa zinayi kufika pa ziwiri. Apa m'pamene bukuli linasanduka la wolemba.

Malonda anayamba mwaulesi. Kabuku koyamba anasindikiza makope 1,000 okha. Zinthu zinatembenuka m'kabuku kachinayi, pa mutu 10, pamene tikumana ndi Sam Weller akupukuta nsapato pabwalo la nyumba ya alendo ya White Hart. Pakamwa pa Sam, ndi mafanizo ake aja, anthu anapakonda kwambiri, moti pofika kumapeto ankagulitsa makope pafupifupi 40,000 pamwezi.

Ine chimene chimandigwira mtima chili patsogolo kwambiri. Mayi Bardell, eni nyumba imene Bambo Pickwick ankachita lendi, anawasumira kuti anawalonjeza ukwati, pomwe kunali kusamvana chabe. Khoti linagamula kuti alipire mapaundi 750. Mkuluyo anakana kupereka ngakhale khobidi kwa maloya adyera Dodson ndi Fogg, n'kusankha kukalowa m'ndende ya angongole ya Fleet. M'mitu imeneyo kuseka kumachepa. Dickens ankalemba zimene anaziona ndi maso, chifukwa bambo ake anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea mu 1824 kaamba ka ngongole, iye ali ndi zaka 12 akugwira ntchito pa fakitale ya polishi ya nsapato.

Mu Meyi 1837 mlamu wake Mary Hogarth anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 17, ndipo chisoni chinamulepheretsa kulemba, mwezi umodzi unadutsa kabuku osatuluka. Kabuku komaliza kanaphatikiza zigawo 19 ndi 20.

Muziwerenga mitu iwiri kapena itatu n'kupumira masiku angapo, monga ankachitira owerenga oyambawo. Mukamupeza Sam pabwalo la White Hart, mudzatiuze pano m'mene mwamuonera.