Kwa mayi amene mukusowa tulo ndi mauthenga a zivomerezi

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, mayi. Mwati gulu la WhatsApp la amayi a kumpingo kwanu ladzaza mavidiyo a zivomerezi ndi mapiri ophulika, ndipo mukufunsa ngati zinthuzi zachuluka masiku ano, komanso komwe mungamaone zoona zake kuti muzidziwiratu. Mawu akuti kudziwiratuwo ndi amene andikhudza, chifukwa inenso ndinakhala miyezi ingapo osagona bwino ndikufunafuna chomwecho.

Linali Lachinayi m'mawa, pa 8 Marichi 2018. Ndinali kuntchito ku Limbe, m'nyumba yosanja, kapu ya tiyi ili pambali pa kompyuta. Supuni inayamba kulira yokha m'kapumo. Ndinayesa thiraki ikudutsa pansi, poti ku Limbe mathiraki sasowa, koma mpando womwe ndinakhalira unayambanso kugwedezeka. Mnzanga wina anakuwa, tonse tinathamangira kumasitepe, kukankhana, wina nsapato kuvuka osaitola. Pofika panja zinali zitatha kale. Madzulo tinamva kuti chinayambira cha ku Nsanje, mphamvu yake cha m'ma 5.5.

Usiku womwewo ndinatsegula tsamba la USGS, bungwe la boma la America loona za nthaka ndi miyala. Mapu a dziko lonse anali mawangamawanga ndi timadontho: Indonesia, Chile, Japan, Alaska, Papua New Guinea. Kadontho kalikonse ndi chivomerezi chomwe changochitika kumene. Mtima unagunda. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka pakati pa usiku n'kutsegula foni, bandulo kutha, mkazi wanga kufunsa kuti, "Bambo, mukuona chiyani nthawi ino?" Ndinalibe yankho lomveka. Ndinkangoona ngati ndikamayang'anitsitsa, banja langa likhala lotetezeka.

Patapita nthawi ndinazindikira kuti timadonthoti sitichepa, tsiku lililonse ndi choncho. A USGS amalemba zivomerezi pafupifupi 20,000 pachaka, kutanthauza 55 patsiku, ndipo zikuluzikulu za 7 kupita m'mwamba zimakhala cha m'ma 15 pachaka. Chachuluka ndi makina ozimvera, komanso mafoni ojambula. Agogo athu chivomerezi cha ku Peru sankachimva n'komwe, ife timachionera tikudya nsima. Nambala yoyezera mphamvu ya chivomerezi nayo imanyenga. Kuchoka pa 5 kufika pa 6 si sitepe imodzi, mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32. Chomwe chinagwetsa mizinda ku Turkey ndi Syria pa 6 Febuluwale 2023 n'kupha anthu oposa 50,000 chinali 7.8, mphamvu zake kuposa ka 2,000 poyerekeza ndi chija chinaliza supuni yanga.

Apa ndiye ndilankhula mosapsatira. Palibe munthu, palibe bungwe, palibe makina amene angakuuzeni kuti chivomerezi chibwera Lachitatu nthawi yakuti. Makinawo amamva nthaka ikayamba kale kugwedezeka, ndipo akatswiri amayerekeza nthawi yomwe kugwedezekako kwafika pa malo angapo kuti adziwe pomwe chayambira. Choncho uthenga uliwonse wonena kuti "asayansi achenjeza, usiku uno musagone m'nyumba" ndi bodza, ndipo woutumiza akulakwira anthu odwala BP, okalamba, ndi ana omwe akamva zotere amakodzera pamphasa.

Zimandipweteka chifukwa ndinazionera pafupi nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023. Azakhali anga amakhala mmunsi mwa Soche. Matope ndi miyala zitatsika ku Chilobwe, anthu akufukula abale awo ndi makasu, wina anatumiza uthenga wa mawu wonena kuti phiri laphulika ndipo moto ukubwera. Azakhali anandiimbira akulira, akufunsa kothawira, mvula ili wawawa kunja. Soche si phiri la moto. Ndirande, Michiru, ngakhale Mulanje, simuli chiphalaphala chodikira kutuluka. Chinachitika ndi chomwe makolo ankachitcha napolo, ngati cha ku Phalombe mu 1991: mvula yamasiku ambiri inakhutitsa dothi la paphiri lopanda mitengo, dothilo n'kusereka pamodzi ndi miyala. Tikasokoneza ziwirizi timaopa moto womwe kulibe, n'kupitiriza kumanga m'khwawa momwe madzi adzadutsenso.

Mapiri a moto enieni alipo, koma kwa anzathu. Rungwe ali ku Tanzania, kumpoto kwa Karonga. Nyiragongo ali pamwamba pa mzinda wa Goma ku Congo. Mapiri otere nthawi zambiri amapereka zizindikiro, timazivomerezi tambirimbiri, nthaka kufufuma, mpweya wa salufa kuchuluka, n'chifukwa chake ku Goma kuli malo owunikira phirilo usana ndi usiku. Komabe pa 22 Meyi 2021 linaphulika anthu asanachenjezedwe, ambiri n'kuthawira ku Rwanda usiku, mitolo ili pamutu.

Musamve ngati ndikuti ife tili pabwino. Nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire zili mumng'alu waukulu womwe ukung'amba kum'mawa kwa Africa pang'onopang'ono, ndipo akasupe a madzi otentha a ku Liwonde, Nkhotakota ndi Chiweta amachitira umboni. Salima inagwedezeka mu Marichi 1989, anthu zikwizikwi n'kusowa pogona. Karonga inagwedezeka kangapo mu Disembala 2009, chachikulu chinafika 6.0, anthu anamwalira, nyumba zochuluka zinagwa. Chomwe chimapha munthu pa chivomerezi kawirikawiri ndi khoma lomwe lamugwera. Ndipo makoma athu mukuwadziwa: njerwa zosapsa bwino, zomangira dothi, opanda ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), khoma la kumutu kwa nyumba litangoima lokha losagwirana ndi kanthu. Timawononga ndalama pa matailosi ndi penti, koma mmisiri akati tiwonjezere matumba a simenti ndi zitsulo timati akufuna kutibera. Ine ndinachita zomwezo pomanga kwathu ku Chilomoni, ndipo zimandidandaulitsa mpaka lero.

Tsono muone kuti?

Zivomerezi za padziko lonse, tsamba la USGS kapena apu ya LastQuake. Nthawi ikalembedwa mu UTC, onjezani maola awiri kuti ikhale ya kuno. Mapiri ophulika, bungwe la Smithsonian limatulutsa lipoti sabata iliyonse. Za kwathu kuno, mverani nthambi ya Geological Survey ya ku Zomba ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kudzera pa wailesi. Vidiyo ikabwera pagulu, onani kaye ngati yalembedwa tsiku ndi malo, ndipo musaitumize musanatsimikize. Nthaka ikagwedezeka muli m'nyumba, gwadani, lowani pansi pa tebulo lolimba, phimbani mutu. Musathamangire kumasitepe ngati momwe tinachitira ife. Mukakhala panja, talikirani mpanda wa njerwa ndi mawaya a magetsi.

Ine mapu aja ndimawatsegulabe, koma masana, kamodzi pasabata. Bedi la ana tinalichotsa pansi pa khoma lalitali lija n'kuliika mbali ina ya chipinda, ndipo ndikusonkhanitsa ya simenti kuti mmisiri adzamange bwino pamwamba pake mvula isanayambe.