Kodi retreat ndi kuthawa nkhondo kapena kupemphera?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Ku parishi kwawo alengeza kuti amayi apita ku retreat ya masiku atatu, koma mwana wawo wa ku sekondale wawaonetsa m'buku kuti Napoleon, mtsogoleri wa dziko la France, anachita retreat kuchoka ku Moscow zinthu zitamuvuta. Ndiye akufunsa kuti mawu amodzi angakhale bwanji a ogonja pankhondo komanso a opemphera.

Mayi, mwana wanuyo sananame, ndipo abambo mfumu sanalakwitse. Mawuwa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo gwero lake ndi Chilatini, retrahere. Re ndi kubwerera, trahere ndi kukoka. Ngakhale dzina la thirakitala lija linachokera ku trahere yemweyu. Choncho phata lake ndi kudzikokera m'mbuyo, basi. Za mantha kapena kugonja mulibemo.

Kwa asilikali, retreat ndi lamulo la mkulu wankhondo. Kale ankaliza lipenga kapena ng'oma, asilikali n'kubwerera mwadongosolo atanyamula ovulala, gulu lina likutchinga adani kumbuyo. Akabalalika aliyense payekha, mfuti atataya, Angerezi amati rout, osati retreat. Nkhosa yamphongo ikamabwerera chafutambuyo pomenyana sikuti yathawa ayi. Ku Dunkirk, doko la ku France, mu 1940 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali pafupifupi 338,000 a Britain, France ndi anzawo anawolotsedwa panyanja kupita ku England, ambiri mwa iwo n'kudzamenyanso nkhondo pambuyo pake. Koma ya Napoleon inathera m'misozi. Analowa mu Russia mu June 1812 ndi asilikali oposa 400,000, anachoka ku Moscow mu October, ndipo njala, matenda ndi chisanu zinapulula anthu moti obwerera anali ochepa zedi. Ng'oma yoitana asilikali kuti abwerere kumsasa madzulo inasanduka mwambo wotchedwa Beating Retreat, umene ku New Delhi, likulu la India, amachita pa 29 January chaka chilichonse.

Tsono yanuyi, imene ife timati m'bindikiro, ndi imene imandikhudza mtima. Munthu amene anaikonza monga Akatolika akuidziwira lero analinso msilikali. Ignatius wa ku Loyola anaphwanyidwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga ku Pamplona, m'dziko la Spain, mu 1521. Atachira anakakhala miyezi yambiri ku Manresa, akupemphera m'phanga ndi kulemba zimene zinkachitika mumtima mwake. Zolembazo, zimene zinasanduka buku lotsogolera m'bindikiro, Papa Paulo III anazivomereza mu 1548, ndipo mpaka pano Ajezuiti, chipani cha ansembe chimene Ignatius anayambitsa, amabindikira masiku 30 osacheza ndi munthu, kupatula amene akuwatsogolera. Ganizirani, Mayi, masiku atatu opanda foni, opanda kuganiza za ndiwo, opanda mwana wokuitanani pakhomo. Mayi amene amadzuka tambala woyamba chaka chonse akufunika nthawi yotereyi, ndipo asachite nayo manyazi.

Palinso retreat ya kuofesi, pamene mabwana amapita ku hotela kunyanja ku Mangochi kukakambirana mapulani a chaka. Chingerezi chimalola zimenezo. Ine chimene sindigwirizana nacho n'chakuti nthawi zambiri amatenga phokoso lonse la kuofesi n'kupita nalo: malaputopu, mafoni, misonkhano kuyambira m'mawa mpaka usiku. Achoka pa chiyani nanga?

Polankhula, mudzati "I am going on a retreat". Asilikali ndiwo amachita "retreat from", kuchoka pamalo. Nyumba ya phee yokapumulirako nayonso imatchedwa retreat, ndipo madzi osefukira akamaphwera amanenanso chimodzimodzi. Koma pokatapa ndalama kubanki kapena kwa ejenti, pochotsa mlandu kukhoti, ngakhale pochotsa mwana pasukulu, musanene retreat. Pamenepo mawu ake ndi withdraw.