Musasiye kumuveka mwana nsapato zija, ngakhale mapazi aoneke owongoka

Mayi, mwafunsa ngati mungasiye kumuveka mwana wanu nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo zija, popeza zikhakha anamaliza, mapazi amene anabadwa opindika awongoka, koma amalira usiku wonse ndipo apongozi anu akunena kuti mukumuzunza. Ndikukupemphani kuti musasiye, chifukwa nsapato zimenezi ndi zimene zimasunga ntchito yonse imene zikhakha zinagwira.

Chithandizo chimene mwana wanu walandira chimatchedwa njira ya Ponseti, potengera dzina la Dr Ignacio Ponseti wa ku yunivesite ya Iowa ku America, amene anasindikiza zotsatira za odwala ake mu 1963. Dokotala amawongola phazi pang'onopang'ono ndi manja, n'kumanga chikhakha kuyambira kuzala mpaka kuntchafu, n'kumachisintha mlungu uliwonse, kawirikawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ana ambiri amadulidwa mtsempha wa kuchidendene, ndipo chikhakha chomaliza chimakhala milungu itatu kuti mtsemphawo ulumikizane uli wautali. Kale madokotala ankakonda opaleshoni yaikulu, koma atawatsatira anawo mpaka kukula anapeza kuti ambiri mapazi awo anali ouma ndi opweteka.

Njirayi inayesedwanso kuno kwathu. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2005 anasonyeza kuti ma clinical officer a zamafupa, ataphunzitsidwa bwino, anawongola mapazi 98 mwa 100 mpaka kutha kuponda pansi bwinobwino. Wina wa mu 2011, wa kuchipatala cha Beit CURE ku Blantyre komweko, anayerekeza kusintha chikhakha katatu pa mlungu ndi kamodzi pa mlungu, ndipo anapeza kuti masiku okhala m'chikhakha anatsika kuchoka pa 42 kufika pa 16 popanda kusiyana kwenikweni pa kuwongoka kwa phazi, zomwe zimathandiza kwambiri mabanja ochokera kutali.

Kuwongola phazi kotero si kumene kumavuta. Chimene chimavuta ndi kuliletsa kubwerera. Minofu ndi mitsempha ya m'kati mwa phazi lotere imakokabe pamene mwana akukula, ndipo akatswiri a kumayiko osiyanasiyana amagwirizana kuti chifukwa chachikulu chimene phazi limapindikiranso ndi kusiya nsapato msanga. N'chifukwa chake lamulo lake ndi lakuti azivala maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu yoyambirira, kenako usiku ndi nthawi iliyonse imene wagona masana, mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Ndikudziwa kuti zaka zimenezi ndi zambiri kwa mayi amene sakugona tulo, koma phazi likabwerera mumayambiranso zikhakha, ndipo mwana wamkulu nthawi zina amafunika opaleshoni yosamutsa mtsempha.

Za kulira kwake, masiku oyambirira ana ambiri amalira chifukwa anazolowera kupalasa mwendo uliwonse pawokha, ndipo chitsulocho chikuwakakamiza kusuntha miyendo yonse pamodzi. Gwirani chitsulocho mukamasewera naye, muzimupinda ndi kumutambasula mawondo onse awiri nthawi imodzi, kufikira ataphunzira yekha. Mukamuvula nthawi iliyonse akalira, amazolowera kuti kulira kumachotsa nsapato, ndipo zinthu zimavuta koposa. Komabe musangoganiza kuti ndi kusazolowera chabe. Muvuleni ndipo muyang'anitsitse khungu la kuchidendene ndi pamwamba pa phazi. Kufiira kumene kumatha patapita mphindi zochepa si koopsa, koma thuza, chilonda kapena zala zozizira zosintha mtundu ndi chizindikiro chakuti mubwerere kuchipatala mosadikira tsiku limene anakulemberani. Pomuveka, muyambe ndi sokosi youma yopanda makwinya, mupinde bondo, mukankhire chidendene pansi mpaka chikhale pansi penipeni pa nsapato, kenako mumange lamba wapakati kapena zingwe molimba. Nsapato zambiri zili ndi kabowo kumbuyo koti muonere ngati chidendene chafika. Chikamatuluka kawirikawiri, mwina nsapato ndi yaikulu, mwinanso mtsempha wayamba kukokanso, ndipo zonsezi ndi zoti aone amene anamumanga zikhakha.

Apongozi anu akulankhula chifukwa cha chifundo pa mdzukulu wawo, choncho m'malo mokangana nawo, apempheni apite nanu tsiku la kiliniki kuti akamve okha, ndiponso akaone ana ena amene akuyenda bwino. Bambo a mwana aphunzirenso kumuveka, kuti ntchitoyi isakhale ya inu nokha. Ngati vuto ndi ndalama yoyendera, auzeni a kuchipatala poyera, chifukwa akhoza kukutumizani ku kiliniki ya mapazi opindika imene ili pafupi ndi kwanu. Musaphonye masiku okaonedwa, popeza nsapato zimafunika kusinthidwa zala zikayamba kutulukira kutsogolo, ndipo mwana akadzayamba kuyenda, mukaona kuti akuponda ndi m'mphepete mwa phazi kapena chidendene sichikufika pansi, mupite naye mlungu womwewo.