Sitima inyamuka Lolemba ku Durban: tigone kuti, nanga galimoto tiisiye kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Joni. Dzina sinditchula. Iwo ndi amuna awo agula matikiti a sitima yapamadzi ya MSC yonyamuka ku Durban Lolemba lina mu Disembala, kupita ku Pomene m'dziko la Mozambique, n'kubwerera Lachisanu. Akutenga ana awo awiri komanso amayi awo owabereka, amene adzachokere ku Zomba. Funso lawo linali lotere: "Amuna anga akuti tidzanyamuke ku Joni 2 koloko usiku, pofika m'mawa tili ku Durban, kuti tisawononge ndalama pa hotela. Kodi zingatheke? Ngati n'kugona, tigone kuti? Nanga galimoto tikaisiya kuti masiku onsewo?"

Achemwali, kutheka kungatheke. Koma abambowo muwauze kuti ine ndakana.

Ife tinakulira pa Ilala, sitima yoti ukafika mochedwa pa Nkhata Bay kawirikawiri umaipeza akadalongeza matumba a chimanga ndi malata. Sitima za ku Durban si choncho. Pa tikiti yanu pali nthawi yoti mufike pa doko komanso nthawi yotseka chipata, ndipo chipatacho amatseka sitima isanafike pa ola lonyamukira. Mukachedwa chifukwa cha msewu kapena ndege imene munadzigulira nokha, sitima imapita, ndalama za anthu asanu n'kupita nayo limodzi. Yerekezani ndalama zimenezo ndi mtengo wa zipinda ziwiri kwa usiku umodzi. Usiku wa Lamlungu ku Durban muuwerengere ngati mbali ya mtengo wa tikiti.

Tiyeni tiuone msewuwo. Kuchoka ku Joni kukafika ku Durban ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa N3, maola 6 zinthu zikayenda bwino, ndipo ndi ana m'galimoto werengerani 7. Mudzadutsa mageti olipirapo asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill. Vuto si kutalika kwake ayi. N3 ndi msewu umene mathiraki onse otenga katundu pa doko la Durban amadutsamo, usana ndi usiku. Mukangodutsa Harrismith mumayamba kutsetsereka pa Van Reenen's Pass, pamalo a chifunga ndi mphepo, ndipo thiraki imodzi ikagwa pamenepo msewu umatha kutsekedwa kwa maola angapo. Kutsogolo kuli chitsetse china cha Town Hill polowa mu Pietermaritzburg, kenako chigawo cha pakati pa Pietermaritzburg ndi Durban chimene akhala akuchikuza kwa zaka, magalimoto akuyenda mopanikizana. Mukanyamuka 2 koloko usiku ndiye kuti pa Van Reenen mufikapo m'bandakucha, nthawi ya chifunga, woyendetsa ali ndi tulo, ndipo mu Durban mulowa pamodzi ndi anthu opita ku ntchito Lolemba m'mawa. Onjezanipo kuti ndi Disembala. Sukulu zikatsekera ndipo makampani a zomangamanga akapuma chapakati pa mwezi, anthu a chigawo chonse cha Gauteng, kumene kuli Joni, amakhamukira kunyanja pa msewu womwewo.

Ine zinandionekera, ngakhale kuti sunali msewu. Chaka china ndinadziona ngati wochenjera, ndinagula ndege ya m'mawa wa tsiku lomwelo. Tinakwera bwinobwino, kenako anatitsitsa, akuti ndege ili ndi vuto. Tinakhala pa bwalo maola atatu. Pa doko ndinafika ogwira ntchito akuchotsa zingwe za pamzere, malaya atanyowa ngati ndagwa m'madzi, ndipo tsiku loyamba lonse ndinalithera ndili gone, mutu ukuwawa. Ndinakwera, inde, koma chinali chisomo chabe.

Ndiye nyamukani Lamlungu m'mawa mutadya, mukapume pa Harrismith, pofika madzulo muli ku Durban.

Musanasankhe hotela, yambani mwagwirizana za galimoto, chifukwa yankho la galimoto ndi limene likuuzeni kogona. Anthu ambiri amayambira ku hotela, aona zithunzi za dziwe losambiramo, alipira, kenako n'kuzindikira kuti hotelayo silola galimoto kutsala mwini wake atatuluka.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kuimika pa doko penipenipo. Sitima zimanyamukira pa Nelson Mandela Cruise Terminal, ku Point, kumapeto kwa Mahatma Gandhi Road, msewu umene akale amautchabe Point Road. Malowa ndi atsopano, anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2021 ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa anawatsegulira mwamwambo mu Novembala 2023. Ndikunena izi chifukwa malangizo akale pa intaneti amatchulabe N-Shed, kumene anthu ankakwerera kale, ndipo mukawatsatira mudzazungulira pachabe. Pa malo atsopanowa pali poimika magalimoto polipira. Ubwino wake, mukatsika sitima Lachisanu galimoto ili pompo, mwalongeza, mwalowa N3. Kuipa kwake, malo si ambiri poyerekeza ndi anthu masauzande amene amakwera tsiku limodzi. Funsani amene anakugulitsani tikiti panopa, osati mu Disembala, kuti akuuzeni mmene mungasungitsire malo, mtengo wa masiku onse ndi kalipiridwe kake, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Yachiwiri, imene ine ndimaikonda, ndi kusiya galimoto pa hotela imene mwagona. Mahotela ndi nyumba za alendo zina ku Durban ndi ku Umhlanga zinazolowera anthu a sitima, moti zimalola galimoto kutsala kwa masiku angapo pa mtengo wakutiwakuti pa tsiku, zina n'kukuperekezani ku doko. Koma izi musazione pa Booking.com pokha. Mawu akuti pali poimika magalimoto amatanthauza usiku umene mwagonawo basi. Alembereni imelo, muwafunse mafunso awa mosapita m'mbali: galimoto ingatsale kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu? Ikhala mkati mwa mpanda kapena pamsewu? Pali denga? Mlonda amakhalapo usiku? Makiyi nditenga kapena ndisiya? Safunsa anadya phula. Yankho lawo mulisindikize, chifukwa amene adzakhale pa kauntala Lamlungu usiku mwina si amene munalemberana naye.

Yachitatu ndi kusabwera nayo n'komwe. Kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni kupita pa la King Shaka ku Durban ndi ulendo wa ola limodzi, ndipo FlySafair, Airlink, LIFT ndi ena amauluka kangapo pa tsiku. Kwa anthu awiri, mukaphatikiza mafuta, mageti asanu popita ndi pobwera, ndi poimika masiku asanu, ndege imatha kufanana mtengo ndi galimoto. Kwa inu asanu, mu Disembala, galimoto ipambana ndithu. Basi nayonso ilipo, Intercape imachoka pa Park Station, koma ndi agogo ndi masutikesi sindingakulimbikitseni.

Chimodzi chokha musachite: kusiya galimoto mumsewu wa ku Point kapena South Beach podalira mnyamata wovala ngati mlonda amene wakulonjezani kuti aiyang'anira. Kwa ola limodzi, chabwino. Kwa masiku asanu, ayi. Ndipo kulikonse kumene yatsala, m'kati musasiyemo kanthu koonekera pa galasi, ngakhale chingwe chotchajira foni.

Tsopano kogona. Pafupi kwambiri ndi doko ndi mahotela a m'mphepete mwa nyanja, dera limene amalitcha Golden Mile: Garden Court South Beach, Garden Court Marine Parade, Southern Sun Elangeni & Maharani, Blue Waters ndi ena. Kuchoka pamenepo kukafika pa doko ndi mphindi 10 kapena kuchepera, ndipo uShaka Marine World ili chapafupi ngati ana akufuna kuona nsomba Lamlungu madzulo. Masana m'mbali mwa nyanjamo mumayendeka bwino, anthu ali piringupiringu. Usiku musalowe wapansi m'misewu ya kuseri kwa mahotela, itanani galimoto ngakhale ulendo uli waufupi. Dziwaninso kuti pa 16 ndi 26 Disembala komanso pa 1 Januwale gombeli limadzaza kwadzaoneni, ndipo akuluakulu a mzinda amatseka misewu ina yolowera kumeneko. Ngati tsiku lanu layandikana ndi amenewa, ganizani kawiri.

Kwina ndi ku Umhlanga, makilomita pafupifupi 20 kumpoto, pakati pa mzinda ndi bwalo la ndege. N'kwabata, malo odyera ndi ambiri, ndipo sitolo zazikulu za Gateway zili pompo ngati mwaiwala mankhwala oteteza kudzuwa kapena nsapato za mwana. Mitengo ndi yokwererapo, makamaka kufupi ndi nyanja, koma kumtunda pafupi ndi Gateway kumapezeka zipinda zotsikirapo. M'mawa mumangotenga M4 kutsika ndi nyanja mpaka mumzinda, theka la ola. Mukanakhala awiri ndikanati gonani ku Golden Mile, mudzuke n'kuona sitima yanu ikulowa pa doko m'mamawa, zimakoma. Pokhala muli ndi ana ndi agogo komanso galimoto yoti itsale, ine ndingasankhe Umhlanga. Kulikonseko, tengani chipinda chimene mungachibweze osataya ndalama, ndipo muchisungitse panopa. Zipinda za Disembala ku Durban zimatha msanga.

Za kuchoka pa hotela kupita ku doko sizovuta. Uber ndi Bolt zilipo. Kungoti anthu asanu ndi masutikesi asanu sangakwane m'kagalimoto wamba, ndiye muitanitse yaikulu, kapena muuze a hotela dzulo lake kuti akupezereni minibasi. Njira ina ndi yoti abambo akakutsitseni pa doko ndi katundu yense, abwerere kukasiya galimoto, iwo n'kubwera okha pa Uber. Zimathandiza ngati hotela ili ku Golden Mile. Kuchokera ku Umhlanga n'kudzivutitsa. Amene mukubwera pa ndege, King Shaka ili ku La Mercy, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndiye musaganize kuti mukatera mwafika.

Pali nkhani ina imene simunafunse, koma kwa ife a ku Malawi ndi imene imagwetsa anthu kuposa hotela. Sitima yopita ku Pomene kapena ku Portuguese Island ikutuluka m'dziko la South Africa. Pa doko pali a zolowa ndi kutuluka, amadinda pasipoti potuluka ndi pobwerera ngati pa Beitbridge. Aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera 6 komanso masamba opanda chidindo. Inu okhala ku Joni onetsetsani kuti mapemiti anu ali moyo mpaka kupitirira tsiku lobwerera. Munthu amene wapyola masiku ake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyola masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati aposa pamenepo. Amayi anu alowa ngati mlendo, ndipo pasipoti ya Malawi amaipatsa masiku 30. Muwerenge bwino kuti masikuwo asathere pakati, makamaka ngati mukufuna abwere msanga kudzacheza ndi zidzukulu. Tengani zikalata za kubadwa za ana, ndipo mwana akamayenda ndi kholo limodzi pakhale kalata yolumbirira ya kholo linalo.

Amayiwo atere ku Joni pasanafike Lachisanu lomaliza musananyamuke. Ndege za Malawi Airlines ndi Airlink zochokera ku Chileka kapena ku Lilongwe zimatera pa OR Tambo, ndipo sutikesi ikatsalira m'njira pafunika tsiku kapena awiri kuti iwapeze. Komanso munthu wamkulu apumeko asanakhale m'galimoto maola 7.

Lamlungu usiku ku hotela mumalize zing'onozing'ono. Kulembetsa kwa pa intaneti mukhale mutachita kale kunyumba, matikiti ndi timapepala tomata pa masutikesi mutasindikiza. Masutikesi akuluakulu mumawapereka pa khomo la doko ndipo amafika ku chipinda chanu mochedwa, nthawi zina madzulo, choncho mapasipoti, mankhwala a BP kapena a shuga a amayi, zosambira za ana ndi chotchajira foni zikhale m'chikwama cha m'manja. Mowa, ayironi ndi ketulo musalongeze, amalanda pa chipata. M'sitimamo mitengo ili m'madola a ku America, ndiye khadi imene mudzalumikize ikhale yololedwa kulipira ndalama zakunja. Ku Pomene sitima imaima patali, anthu amapita kumtunda pa timaboti monga tinkachitira pa Likoma, ndipo nyanja ikakwiya satsitsa munthu. Anawo muwauziretu kuti asadzalire.

Pobwerera sitima imafika m'mawa, koma kutsika ndi m'magulumagulu, kenako mzere wodinditsa mapasipoti, kenako kusaka sutikesi pakati pa mazana ofanana. Mangani kansalu ka chitenje pa chogwirira chilichonse. Ngati pali wina wokwera ndege tsiku lomwelo, agule ya masana, yonyamuka 1 koloko itadutsa. Inu a galimoto, mukatuluka mu Durban isanakwane 11 koloko, pa Van Reenen mudzakwera kukuwala ndipo ku Joni mudzalowa chakumadzulo. Abambo adzagone msanga Lachinayi, chifukwa usiku womaliza m'sitima mumakhala phwando.