Kuchotsa dzimbiri pa ekzozi

Achimwene, mwafunsa mmene mungawalitsire ekzozi ya Polo yanu yomwe yachita dzimbiri. Idikireni izizire kaye, mungapse zala. Tsukani mwaye ndi sopo wa mbale, kenako kulungani padzimbiripo kansanza konyika mu viniga kwa ola limodzi. Kwechani ndi steel wool ya 0000, yosalala kwambiri. Yokwechera mapoto ija imakanda chrome, musayerekeze. Malizani ndi polishi wa zitsulo wa Autosol, mupukute mpaka iwale.

Komatu kuno ku Joni kulibe mphepo yamchere ngati ku Durban. Dzimbiri lambiri limayambira mkati, chifukwa cha madzi otsalira mukamangoyenda timaulendo tifupitifupi injini isanatenthe. Gogodani ndi sipanala. Ikabooka, polishi ndi kutaya ndalama, pitani nayo kwa owotcherera.