Fugazi, gulu limene linkalipiritsa madola 5 pakhomo: yankho kwa achimwene oimba besi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amaimba besi m'kagulu kake ndi anzake atatu. Akuti anapunthwa pa nyimbo ina pa YouTube, besi yake inamugwira, kenako anawerenga ndemanga za anthu m'munsimo n'kusokonezeka. Funso lake linali lotere: "Akulu, kodi n'zoona kuti Fugazi inakana ndalama za makampani akuluakulu? Ngati n'zoona, ankadya chiyani? Gululi linatha kapena lilipo? Ndipo ndiyambire chimbale chiti, poti ndaona kuti zilipo zambiri?"

Achimwene, zikomo polemba. Mafunso anu ndi anayi koma muzu wake ndi umodzi, ndiye ndiyamba ndi la kudyali, chifukwa ndi limene anthu ambiri amalilumpha akamasimba za gululi. Amakonda kunena za kukana kokhako, ngati kuti anyamatawa anangodzuka m'mawa wina n'kusanduka oyera mtima. Sizinali choncho. Anatha kukana chifukwa pofika nthawi imene ogula ankagogoda, iwo anali atamanga kale nkhokwe yawo.

Nkhokweyo ndi kampani ya zimbale, dzina lake Dischord Records, ndipo ndi yaikulu kuposa Fugazi ndi zaka 7. Mu 1980 ku Washington, D.C. kunali kagulu ka ana a sekondale kotchedwa Teen Idles. Kakutha, anapeza kuti ali ndi madola 600 amene ankasunga kuchokera kumalo amene ankaimba. M'malo mogawana, anagwirizana zotulutsira kachimbale kosiyira chikumbutso. Awiri mwa iwo, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson, ndi amene anasenza ntchitoyo. Zikuto za zimbale ankadula okha ndi sizasi, kupinda, n'kumata ndi guluu, chimodzichimodzi. Ndalama zikabwera ankatulutsira chimbale cha gulu lina la mumzinda womwewo. Kenako awiriwa anayambitsa Minor Threat, gulu la punk yothamanga kwambiri imene amati hardcore, ndipo litatha mu 1983, zimbale zake zinapitirizabe kugulidwa n'kumadyetsa kampaniyo. Anapanganso ubale ndi John Loder wa Southern Studios ku London, amene anawathandiza pa nkhani yosindikiza ndi kufalitsa zimbale. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa kudziimira pawekha si kukhala wopanda anzako.

Tsono Fugazi inaimba koyamba pa 3 September 1987 mu holo yotchedwa Wilson Center ku Washington komweko. Panali MacKaye pa gitala ndi mawu, Joe Lally pa besi, ndi Brendan Canty pa ng'oma. Wachinayi, Guy Picciotto, anali mnzake wa Canty amene ankaimba naye mu gulu la Rites of Spring, ndipo poyamba analibe malo enieni. Ankangobwera, kuthira mang'ombe pa mawu, kuvina, kudziponya pansi. Pang'onopang'ono anakhala woimba wachiwiri. Dzina la gululi analitenga ku chinenero cha asilikali a ku America a pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo limanena za zinthu zimene zasokonekera moti sizingakonzekenso.

Nyimbo imene inakugwirani ndikuganiza kuti ndi "Waiting Room", poti ndi imene imagwira aliyense woimba besi. Ndi yoyamba pa kachimbale kawo ka nyimbo 7 ka mu 1988, kamene anajambulira ku Inner Ear, situdiyo ya Don Zientara ku Arlington, Virginia. Mvetseraninso bwino. Besi imayamba yokha, ng'oma ndi gitala n'kulowa, ndiyeno zonse zimangoti zii kwa masekondi angapo, moti womva koyamba amayang'ana ngati foni yazima. Chete ameneyo ndiye siginecha yawo. Magulu a hardcore a nthawi imeneyo ankapikisana pa liwiro ndi phokoso. Awa anabweza liwiro, n'kutenga ku reggae ndi dub luso losiya mpata pakati pa mawu a zida. Lally samathamanga, samadzionetsera, amabwereza mzere umodzi mpaka ukulowe m'mafupa. Ngati pali chimene mungabe kwa iye ngati woimba besi, ibani kudziletsa kumeneko.

Kumapeto kwa 1988, atazungulira ku Ulaya kwa nthawi yaitali, analowa mu situdiyo ya Loder ku London n'kujambula Margin Walker. Mu 1989 timazimbale tiwiriti tinaphatikizidwa kukhala 13 Songs. Anthu ambiri amati yambirani pamenepa, ndipo sindiwatsutsa, koma ine sinditi ndi chimbale chawo chopambana. Gitala ndi imodzi yokha, ndipo gulu linali lisanadzipeze lonse.

Linadzipeza pa Repeater mu 1990, Picciotto atanyamula gitala yake ya Rickenbacker. Apa ndiye pali kusiyana kumene ndimakonda. Gibson SG ya MacKaye ndi yonenepa, imayendera limodzi ndi besi. Ya Picciotto ndi yowonda, yakuthwa, imakanda pamwamba. Palibe wotsogola ndi wotsatira monga zimakhalira m'magulu ambiri a rock. Magitala awiriwo amakangana, kulandizana, nthawi zina kungosiyana njira n'kukakumana kutsogolo. Mawu awonso ndi chimodzimodzi: MacKaye amakuwa ngati kapitawo, Picciotto amalira mokhotakhota moti mawu ena sungawamve bwinobwino. Nkhani za m'chimbalechi ndi za mumzinda wawo pa nthawi imene mankhwala ozunguza bongo a crack ndi mfuti zinkatha achinyamata ku Washington, komanso za dyera ndi kugula zinthu mosaganiza.

Tibwerere ku funso la kudya lija, chifukwa pofika apa anthu anali atayamba kudzaza maholo. Malamulo awo anali ochepa. Pakhomo, nthawi zambiri, madola 5. Aliyense aloledwe kulowa, ngakhale mwana wosafika zaka zomwa mowa. MacKaye sanaiwale mmene ankabwezedwera pakhomo ali mnyamata. Sankagulitsa malaya, zipewa kapena zomatamata za dzina lawo. Anthu ena atayamba kusindikiza malaya mwakuba, wina anachenjera n'kulembapo kuti awa si malaya a Fugazi, ndipo anayenda malonda. Analibe manijala. MacKaye yemweyo ndi amene ankaimba mafoni kukonza maulendo, kukambirana ndi eni maholo ndi kuwerengera ndalama. Ankayenda pa galimoto ya vani ndi anthu ochepa owathandiza. Kwawo ku Washington ankaimba ulere kapena mothandiza mabungwe a osauka ndi odwala, kawirikawiri mogwirizana ndi gulu la achinyamata la Positive Force. Mu January 1991 anaimba panja, kutsogolo kwa White House, m'nyengo yozizira, potsutsa nkhondo ya ku Gulf imene inali pafupi kuyamba.

Ndiye werengani nokha. Munthu akalipira madola 5 koma anthu ali 1,000 kapena 2,000, pakati palibe manijala wodula gawo lake, palibe basi yapamwamba, palibe ngongole ya kampani yoti mubweze, ndipo phindu la chimbale likugawidwa pakati pa gulu ndi kampani ya mmodzi wa inu nomwe, ndalama yotsala ndi yokwanira kukhalira moyo. Sanali olemera ngati anzawo a pa MTV, koma sankagona ndi njala. Chimene anthu saona ndi thukuta lake: anaimba maulendo oposa 1,000 m'zaka 15, m'zigawo zonse 50 za America, ku Ulaya, Japan, Australia ndi ku South America. Walira mvula walira matope. Ufulu umene anaufuna unabwera ndi ntchito ya ukalaliki, kunyamula masipika ndi kugona pansi kunyumba za anthu, makamaka zaka zoyambirira.

Mu 1991 anatulutsa Steady Diet of Nothing, chimbale choyamba chimene anadziyang'anira okha pojambula. Chimamveka chouma, chofwamphuka, ndipo iwo eni anavomereza pambuyo pake kuti aliyense ankaopa kudzudzula mnzake mu situdiyo. Ine ndimachikonda pang'ono chabe. Miyezi yochepa chitatuluka, chimbale cha Nevermind cha gulu la Nirvana chinaphulika, ndipo makampani akuluakulu anayamba kusaka gulu lililonse la magitala aphokoso. Fugazi inali nyama yonona kwambiri pa msika umenewo. Ahmet Ertegun, mmodzi mwa akuluakulu amene anayambitsa Atlantic Records, anapita yekha kukakumana nawo. Anakana. Anakananso kuimba nawo pa chikondwerero cha nyimbo cha Lollapalooza chifukwa tikiti yake inali yodula. Ndiye inde, achimwene, zimene munawerengazo n'zoona. Koma dzifunseni kuti Atlantic ikanawapatsa chiyani chimene analibe. Zimbale zinkafika kale m'masitolo, maholo ankadzaza kale. Chotsala chinali ndalama zambiri posinthana ndi umwini wa nyimbo zawo.

Chimbale cha m'nyengo imeneyo ndi In on the Kill Taker cha 1993, chaukali kuposa zonse. Anayamba kuchijambula ku Chicago ndi Steve Albini, katswiri wojambula nyimbo amene magulu ambiri ankamulakalaka. Ankagwirizana naye kwambiri, koma pobwerera kwawo atamvetsera matepi anaona kuti sizinatheke, ndipo Albini naye anavomereza. Anazisiya n'kukayambiranso ku Inner Ear ndi Ted Niceley, amene anagwira nawo ntchito pa Repeater. Chimbalecho chinalowa pa mndandanda wa Billboard wa zimbale 200 zogulidwa kwambiri, popanda vidiyo, popanda wailesi zikuluzikulu.

Pano ndinene chimene okonda gululi safuna kumva. Kutchuka kunawabweretsera khamu limene silinabwerere nyimbo koma kudzagundana ndi kupondana kutsogolo kwa siteji, ndipo MacKaye ankaimitsa nyimbo pakati n'kuyamba kulankhula ndi wovutayo, mwaulemu woluma, kumutchula kuti bambo. Akapanda kumva ankamubwezera madola ake 5 n'kumuperekeza kukhomo. Cholinga chinali chabwino, poti ofooka ndi atsikana ankavulala. Koma ukamvera matepi ena a zaka zimenezo, kudzudzulako kumachuluka mpaka umamva ngati uli pa asembule ya kusukulu. Mbiri yoti ndi anthu osaseka, alaliki ovala magitala, inachokera pamenepo, ndipo inaphimba nyimbo zawo kwa zaka zambiri. Filimu ya Instrument ya 1999, imene Jem Cohen anaijambula kwa zaka pafupifupi 10, imathandiza kuchotsa chithunzi chimenechi, chifukwa mumawaona akuseka, akuchita zibwana, akudya.

Zimbale zitatu zomaliza ndi zimene ine ndimabwererako kawirikawiri. Red Medicine ya 1995 ndi pamene anamasuka: muli tizidutswa tojambulidwa poyeserera, phokoso losokonekera dala, nyimbo zina zofatsa, ndipo Lally akuimba mawu koyamba. End Hits ya 1998 inapita patali kwambiri ndi kuyesa zinthu, moti ena anaipidwa nayo, ndipo dzina lake linachititsa anthu kuganiza kuti gulu likutsanzika. Kenako The Argument mu October 2001. Muli chida chazingwe chotchedwa cello, muli mawu a amayi othira mang'ombe, muli Jerry Busher pa ng'oma zachiwiri, ndipo MacKaye amene ankakuwa uja akuimba motsitsa. N'zosowa kuti gulu litulutse chimbale chake chokhwima kwambiri pomaliza penipeni, koma kwa ine apa zinatero.

Za kutha: anaimba komaliza ku London, mu holo ya Forum, mu November 2002. Kuyambira 2003 amati ali pa tchuthi chopanda tsiku lobwerera. Panalibe mkangano. Ana anali atabadwa, makolo akukalamba, ndipo kayendetsedwe kawo kankafuna kuti onse anayi adzipereke kwathunthu. Akadali mabwenzi. MacKaye anapanga The Evens ndi mkazi wake Amy Farina, kenako awiriwa ndi Lally anatulutsa chimbale mu 2020 pa dzina la Coriky. Lally ndi Canty amaimba mu The Messthetics ndi woimba gitala Anthony Pirog. Inu oimba besi musaphonye zimenezo. Picciotto anatembenukira kwambiri ku ntchito yojambula magulu ena.

Poyambira tsono. Tengani Repeater kaye, muimve katatu. Mukatero lumphani mpaka ku The Argument kuti muone kutalika kwa ulendo umene anayenda, kenako mubwerere ku 13 Songs ndi In on the Kill Taker. Red Medicine ndi End Hits zidikire mpaka khutu litazolowera. Palinso First Demo, matepi a mu January 1988 amene anatulutsidwa mu 2014, koma amenewo ndi a munthu amene walowerera kale.

Ndipo mukakhala ndi bandulo yokwanira, pitani pa tsamba la Dischord mukaone Fugazi Live Series. Anthu awo a zokuzira mawu ankajambula pafupifupi paliponse pamene aimba, ndipo kuyambira 2011 akhala akuika matepiwo pa intaneti, oposa 800, pamodzi ndi tsiku, malo ndi mtengo wa pakhomo. Gululi silinkalemba ndandanda ya nyimbo zoti liimbe usiku umenewo. Wina ankangoyamba, ena atatu n'kuzindikira pa kamvekedwe koyamba kapena pa kugwedeza mutu, choncho aliyense ankayenera kusunga pamtima nyimbo zonse za gulu nthawi zonse. Sankhani usiku uliwonse wa mu 1993 kapena 1995, ikani mahedifoni, mutsatire besi ya Lally pamene nyimbo ina ikutha ndipo inzake isanadziwike.