Achemwali ofuna mpando wa ubwana ku zausodzi, imvani kaye za mbewu ya nsomba imene ndinasainira

Kalata yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu, ndipo usiku umene inafika tulo sitinabwere msanga. Mwati mwakhala mlangizi wa zausodzi zaka zinayi, mtima wanu uli pa matenda a nsomba, koma anzanu akukulimbikitsani kufunsira mpando woyang'anira akatswiri a kafukufuku wa nsomba m'boma, ndiye mukufuna kudziwa kolowera. Kumapeto munalemba kuti mwina mukakhala bwana adzayamba kukumverani. Mawu amenewo ndi amene andilasa, chifukwa inenso ndinkaganiza choncho, ndipo pali munthu amene anavutika chifukwa cha ine.

Ndinali nditangokwezedwa kumene. Mwa anthu amene ndinkawayang'anira munali mtsikana wina wofatsa, wosalankhula pamisonkhano, koma akagwira nsomba m'manja umachita kuona kuti uyu ntchito akuidziwa. Tinali ndi mbewu ya makumba ndi chilunguni yoti tigawe kwa alimi a madamu, ndipo amene anapereka ndalama za pulojekitiyo ankafuna kuti mwezi usanathe tiwapatse nambala ya alimi olandira. Kutatsala masiku atatu, mtsikanayu anandipeza mu ofesi ali chinyowere mpaka m'chiuno, n'kunena kuti, "Bwana, tabwerani mudzaone nokha."

Ndinapita. Tinsombato tinkasonkhana polowera madzi, tina tikudzikhula kukhoma la thanki, khungu lotuwa ngati tapakidwa phulusa. Iye anatenga kamodzi, anakanda ntchofu ya pakhungu ndi kagalasi, anadulako pang'ono makha, mopumira nsomba muja, anadonthezera madzi, n'kuika pa maikulosikopu yathu yakale yodalira kuwala kwa pawindo. Nditasuzumira ndinaona tinthu tozungulira ngati timbale, tili ndi mano m'kati ngati a macheka, tikuzungulirazungulira osapuma. Tinali tambirimbiri. Anandiuza kuti ndi Trichodina. Pakhungu la nsomba yathanzi timapezekapo pang'ono osavuta, koma nsomba zikathithikana m'madzi akuda timaswana mpaka kutseka mopumira. Pempho lake linali laling'ono: tisambitse mbewuyo m'madzi a mchere, tiichepetse m'mathanki, tidikire milungu iwiri.

Ndinaimba foni kumtunda. Anandiyankha kuti galimoto yapezeka sabata yomweyo basi, alendo akubwera kudzajambula, ndipo tinsomba tochepa tikafa si nkhani. Ndinabwerera kwa mtsikana uja n'kumuuza kuti tigawa. Sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Ndilembe zomwe ndaona?" Ine ndinati, "Zisiyeni kaye." Fomu ndinasaina ndi dzanja langali.

Mbewu yodwala kale, kuikanso m'zidebe, kuiyendetsa pamsewu wa mabampu dzuwa lili pamutu, inafika kwa alimi ili yofooka. Sabata isanathe mauthenga anayamba kubwera. Ndikukumbukira bambo wina wachikulire amene anakumba damu lake ndi khasu iye ndi ana ake chilimwe chonse. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako anabweretsa beseni la tinsomba takufa n'kuliika pamapazi panga osanena kanthu. Lipoti litalembedwa, mlandu unagwera "kanyamulidwe kosasamala", ndipo amene anakwera galimoto ija ndi zidebe anali mtsikana yemwe uja. Ine ndinakhala chete pamsonkhanopo. Chaka chisanathe anasiya ntchito. Ndinadzamupepesa patapita nthawi yaitali, anandikhululukira, koma ku nsomba sanabwererenso, ndipo dziko lino anthu odziwa kuwerenga makha a nsomba ndi owerengeka.

Tsono mukamati mukakhala bwana adzakumverani, ndikuuzeni mosabisa kuti mpando sukupatsani zimenezo. Pamwamba panu padzakhalabe wina wokhala ndi galimoto, bajeti ndi tsiku lake. Chimene mpando umakupatsani ndi siginecha, ndipo siginecha imeneyo ndi imene imateteza kapena kugulitsa anthu anu. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ntchito yeniyeni ya woyang'anira akatswiri ndi kulandira nkhonya zochokera kumtunda kuti mwana amene waona zoona pa maikulosikopu azilembe mmene waonera. Amene sangathe zimenezi asayandikire mpandowo, ngakhale akhale ndi madigiri atatu.

Ndipo ndikukana zimene timachita zotenga katswiri wathu wabwino kwambiri n'kumukhazika pa desiki ngati mphotho. N'kulakwa. Munthu amene amadziwa kununkhiza damu n'kuzindikira kuti manyowa achuluka, timamusandutsa wolemba mamemo opempha mafuta a njinga yamoto. Malipiro abwino m'boma amatsata udindo woyang'anira anthu, ndiye aliyense wofuna kulipirira ana sukulu amathawa kumadzi. Sindikudzudzula amene amatero, inenso ndinatero. Ndikudzudzula makwerero ake, amene alibe njira yoti munthu akwere akadali ndi matope kumapazi.

Ndikamanena za matope, achinyamata ena amaganiza kuti za umoyo wa nsomba ndi za labotale ndi majasi oyera. Nsomba zambiri zimene ndinaziona zikufa m'madamu sizinafe ndi matenda. Mlimi amakuimbira kuti adani amuthirira katupe usiku, mudzi wonse wayamba kale kulozana zala. Ukafunsa nthawi imene zinayamba kuyandama, akuti m'bandakucha, zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi. Ukayang'ana madziwo ndi obiriwira kwambiri, ukaviika mkono chikhato chimasowa usanafike m'chigongono. Ndere zimene masana zimapanga mpweya, usiku zimaugwiritsa ntchito, ndiye pofika 4 kapena 5 koloko m'mawa nsomba zimabanika, makamaka kukakhala mitambo masiku angapo. Mankhwala ake ndi kulowetsa madzi atsopano, kuleka kaye manyowa ndi kuchepetsa madeya. Ukafotokoza bwino, wapulumutsa nsomba komanso wazimitsa mlandu wa kwa amfumu. Koma zimenezi sungazidziwe utafika pa damu 11 koloko, mpweya utabwerera kale m'madzi. Uyenera kugona pafupi n'kudzuka ndi atambala.

Izi zikundifikitsa ku nkhani ina imene imandipweteka, ya manambala. Akatswiri amene mukufuna kuwayang'anirawo, ntchito yawo yonse yatsamira pa anthu a m'madoko amene amalemba nsomba zimene zatuluka, ndi kalembera wa chaka ndi chaka wa asodzi, mabwato ndi zida monga chilimira, matchera ndi makoka. Wolemba uja akapanda kupatsidwa sikelo yabwino ndi choyendera, adzakhala pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza fomu kuchokera m'mutu. Manambala a m'mutuwo amapita ku likulu, amalowa m'kompyuta, amatuluka ali lipoti lokongola, ndipo lipotilo ndi limene limanena ngati chambo chikuchepa kapena ayi. Bwana wabwino amatulukira pa doko mosayembekezeka usipa ukutsika m'mabwato, osati kukagwira munthu, koma kukaona chimene akusowa. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti fomu yoyera bwino, yopanda dontho la madzi kapena mamba a nsomba, ndi yofunika kuikayikira.

Tili ndi mbiri yoti tiziphunzirapo. Mayi wa ku Britain, Rosemary Lowe, anayenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1945 mpaka 1947 akuyeza chambo chimodzichimodzi, ndipo zimene analemba akatswiri akuzitsegulabe chifukwa anayezadi. Ntchila, imene kale inali nsomba yaikulu ya malonda, inatha mphamvu anthu akuona. Chambo cha ku Malombe chitagwa, m'pamene mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko aja timawatcha ma BVC, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linadzatsegula khomo loti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira kalekale boma lisanawauze. Woyang'anira akatswiri amene amanyoza nzeru za asodzi adzatsala ndi mapepala okha.

Matenda a zilonda aja

Mukuti mtima wanu uli pa matenda, ndiye mukudziwa za mu 2020. Mwezi wa Julayi chaka chimenecho ku Mchinji kunayamba kupezeka nsomba za zilonda zofiira, zina zonyeka mpaka mnofu kuonekera, m'mitsinje ya m'chigwa cha Bua ndi m'madamu. Anali matenda a EUS, amene amayamba ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamaboola khungu n'kulowerera m'minofu. Amakonda nyengo yozizira, ndipo milamba ndi matemba zimagwidwa msanga. Boma linaletsa kuwedza ndi kugulitsa nsomba za m'derali, koma matendawa anadzaonekanso m'maboma ena. Sanatigwere kuchokera kumwamba. Anali atapezeka kale mu mtsinje wa Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007, ndiye tinali ndi zaka zoposa khumi zokonzekera. Funso langa mpaka lero ndi lakuti, pa zaka zonsezo tinaphunzitsa alangizi angati kutenga sampulo?

Pakuti kutenga sampulo kuli ndi mwambo wake. Nsomba yofa dzulo ndi yopanda ntchito, imafunika yamoyo kapena yotsala pang'ono kufa, ya chilonda chongoyamba. Umadula mnofu wa m'mphepete mwa chilonda, china n'kuika mu mankhwala osungira minofu a fomalini wa 10 peresenti kuti akaone minofu pa maikulosikopu, china mu ethanol kuti akayeze ndi PCR, njira ya kulabotale yofufuzira chibadwa cha kachilombo, n'kulemba tsiku, malo, mtundu wa nsomba ndi kutentha kwa madzi. Ukasokoneza mabotolo awiriwa ulendo wonse wapita pachabe. Kenako maukonde, zidebe ndi majombo zonse zitsukidwe ndi mankhwala n'kuyanikidwa padzuwa, chifukwa khoka limodzi lobwerekana limatha kuyendetsa matenda mudzi wonse. Ndipo EUS si yomaliza. Kachilombo ka TiLV, kogwira nsomba za gulu la chambo ndi makumba, kamene kanadziwika koyamba ku Israel mu 2014, kanapezeka kale m'nsomba za mu nyanja ya Victoria. Ife tikuchulukitsa makhola a nsomba pa nyanja ku Mangochi, mbewu ikuyenda kuchoka boma lina kupita lina, ena akuzembetsa mitundu yakunja imene malamulo athu amaletsa. Munthu wodziwa matenda a nsomba adzafunika kwambiri m'dziko muno kuposa mabwana ena khumi, ngakhale kuti malipiro sakuonetsa zimenezo panopa.

Chinanso chimene sakuuzani kusukulu n'chakuti ntchitoyi ili pakati pa maofesi awiri. Nsomba ndi za dipatimenti ya zausodzi, koma matenda a nyama amalengezedwa kudzera kwa madokotala a ziweto, amenenso amatumiza uthenga ku bungwe la padziko lonse loona za umoyo wa nyama la WOAH, lija kale linkatchedwa OIE. Mukapanda kudziwana ndi anzathu a zaziweto, sampulo yanu idzagona mu cooler box mpaka ayezi kusungunuka. Pitani mukadziwane nawo lero kusanagwe kanthu.

Yankho langa ndi ili. Zaka zinayi n'zochepa, mpandowo usiyeni upite ulendo uno. Ngati muli ndi satifiketi kapena dipuloma ya ku sukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe, kwezani maphunziro ku Bunda pansi pa LUANAR kapena ku Mzuni, ndipo kafukufuku wanu akhale wa matenda. Pemphani kukakhala miyezi ingapo ku Domasi kumene amaswetsa mbewu, ndi ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Lilongwe. Mwayi wa kunja ukapezeka, yang'anani ku yunivesite ya Stirling ku Scotland, ya Rhodes ku South Africa, kapena sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia, imene inagwirapo ntchito pa EUS. Gulani kabuku kolimba, muzilemba damu lililonse limene mwaona nsomba zikufa, ndi zithunzi zake.

Koma ngati kunyumba zinthu zathina moti mpandowo simungausiye, sindikuweruzani. Pokafunsidwa mafunso, nanunso mukafunse kuti ndalama za mafuta ndi zipangizo za anthu anu zidzadutsa m'manja mwa yani, ndiponso ngati mudzaloledwa kukhala kumadzi masiku angapo mwezi uliwonse. Mukandilemberenso, mundiuze ngati ofesi yanu ili ndi maikulosikopu yogwira ntchito. Yanga yakale ija ndinadzaigula itagulitsidwa ngati katundu wakutha, ili m'bokosi kuno kunyumba, galasi limodzi ndi lothimbirira koma Trichodina imaonetsabe bwinobwino. Ngati kwanuko kulibe, ndipeza wokubweretserani.